Madala Akasiya Kulalata

Madala oweta njuchi a kuseri kwa mpanda ngolongolola. Amakalipira nkhuku, mitambo, ngakhale ndodo yawo yomwe. Mvula yoyamba ikagwa, maluwa n'kuti mbwee m'nkhalango, amapita kukazonda ming'oma yawo, ndipo wowatsatira amamva nyimbo imodzimodzi: "Mukuponda ngati ng'ombe. Maluwawo ndi munda wa njuchi zanga."

M'mawa wina mayi wosoka zovala, woyandikana nawo nyumba, anawatsatira kuti akaone maluwa otengera pokongoletsa nsalu. Njira yonse ankangokalipiridwa. Koma atawerama kuti athyole duwa lofiira pafupi ndi chitsa, kumbuyo kwake kunangoti zii.

"Amayi," anatero madala aja chapansipansi, ndi ulemu umene mayiyo anali asanaumvepo, "chonde dzanjalo likhale pomwepo."

M'masamba ouma, pafupi penipeni ndi zala zake, munali mphiri itadzipinda, mutu utaloza iye. Njuchi inamutera pamkono, iye osaiingitsa. Msana unayamba kuwawa, thukuta likulowa m'maso. Madala anazungulira mwakachetechete, n'kukanda pansi ndi ndodo mbali inayo mpaka njoka inatembenukira komweko.

"Tsopano bwererani pang'onopang'ono, ngati mukuchoka pamaso pa apongozi."

Atafika patali, mawu akale aja anabwerera. "Kodi maso munawasiya pa makina osokera?"

Mayiyo anangokhala pansi. Mpaka lero, akamva madala akulalata kuseri kwa mpanda, mtima wake umakhala m'malo.