Buku Lachisanu la a Laimoni

A Laimoni a ku Ligowe sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale pa benchi ya kuchipatala, podikira kuti ndiwayeze kuthamanga kwa magazi, ankangoti akhala, aima, asuzumira pawindo, abwereranso. Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Kasungu, ndipo kuno ananditumiza ndisakufuna. Chaka changa choyamba ndinkangokhalira kulemba makalata opempha kuti andisamutse, ndiye munthu wosakhazikika ndinkamuzindikira msanga.

Tinadziwana chifukwa cha buku. Tsiku lina ndinawaitana katatu osandimva, mphuno ili m'kabuku kachingerezi kojambulidwa chombo chouluka pakati pa nyenyezi. Ndinapsa mtima.

"Bambo, mwabwera kudzayezetsa kapena kudzalemba mayeso?"

Iwo osakhumudwa n'komwe. "A nesi, kodi mumawerenga? Mawa ndikubweretserani loyamba. Ili musayambire, mungasochere."

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'kanyumba koonetsera mavidiyo pa Neno Boma. Nthawi imeneyo mafilimu omasuliridwa m'Chichewa anali asanafike, ndiye iwo ankaima pambali pa kanema n'kumauza anthu zimene azungu akunena, ndi Chingerezi chawo cha Fomu 2, pena n'kumangopeka. Amene anawatenga mtima anali mafilimu atatu otsatana, a anthu amene dziko lawo linauma, n'kukwera chombo chachikulu kukafuna madzi kunyenyezi zina. Woyendetsa chombocho anali mtsikana wotchedwa Stelia, mwana wa nkhalamba yokonza mainjini. Mwana wawo wamkazi atabadwa, a Laimoni sanafunse ndi azakhali omwe. Dzina linali Stelia basi.

Mafoni atachuluka, kanyumba ka mavidiyo kanatsekedwa, iwo n'kubwerera ku Ligowe kukalima manachesi. Chaka china, atapita kukagulitsa ku Limbe, anaona pakhonde la sitolo, pakati pa mabuku akale a masamu, buku lokhala ndi nkhope ya woyendetsa chombo uja. Apo m'pamene anadziwa kuti nkhani sinathere mufilimu, anthu ena anaipitiriza m'mabuku. Kuyambira pamenepo, nyengo ya manachesi ikafika ankazungulira Limbe yense kusakasaka, mpaka minibasi ya ku Neno inawasiyapo kawiri.

Mabukuwo ankawabwereketsa ngati mmene ife timaperekera mankhwala, limodzi limodzi, ndiponso ndi malangizo.

"Loyambali likungotsatira filimu, Chingerezi chake n'chofewa, ngakhale mwana wa Sitandade 8 atha," anandiuza. "Lachiwiri mupirire, muli misonkhano yokhayokha ngati ya ku khonsolo, koma mukalidumpha simudziwa amene anaba madzi. Lachitatu ndiye nkhondo, a nesi, simugona. Koma wolemba wakeyo njala saidziwa. Anthu akhala miyezi iwiri osadya, n'kumathamangabe? Abwere kuno mu Febuluwale adzaone."

Lachinayi analemba munthu wina, ndipo a Laimoni ankati zimadziwikiratu. Ndi la makina ophika m'chombomo amene ankaganiza kuti ndi munthu, ndipo ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka aneba kudabwa. Ine ndinati limeneli ndilo labwino koposa. Iwo anakana, amvekere nthabwala sizimanga nkhani, ndipo tinakangana mpaka odwala pamzere kuyamba kung'ung'udza. Nditabweza lachinayi anandipatsa lachisanu ndi chimodzi.

"Nanga lachisanu?"

"Chiswe chinadya."

Patapita mwezi ndinafunsanso, anati anabwereka mphunzitsi wina n'kusamuka nalo. Ulendo wachitatu anati mulibe kanthu, n'lopanda pake, ngakhale mwana wawo anamuletsa kutaya nalo nthawi. Ine bodza losakonzedwa bwino limandinyansa, koma ndinangowasiya.

Chaka chatha sitiroko inawagwira ali m'munda. Anapulumuka, koma dzanja lamanzere linafooka, pakamwa n'kupotoka, mwendo n'kumakoka. Akazi awo anamwalira kalekale Stelia ali ku pulayimale, ndiye zonse zinagwera mtsikanayo: kutunga madzi, kuphika, kuthyola manachesi, kuwamanga mabatani a malaya. Ndinkapita kukawaona kunyumba. Tsiku lina nditapempha kabuku kawo ka kuchipatala, anandilozera jumbo imene inali pansi pa pilo. Nditaitsegula, lachisanu lija ili, lakuda ndi zala, lomatidwa ndi selotepi, looneka kuti lawerengedwa kuposa ena onse.

"Chiswe chake n'chaulemu, eti?" ndinatero.

Anayang'ana kukhomo kaye. "Tengani. Koma Stelia asalione."

Ndinaliwerenga masiku awiri, ndipo ndinalira, ine amene sindilira wamba. M'buku limenelo injini za chombo zatopa. Woyendetsa uja akuuzidwa kuti atenge kachombo kakang'ono, apite yekha kutsogolo kukafuna dziko la madzi. Bambo ake okalamba akudwala, ndipo ulendowo ndi wa zaka zambiri. Mtsikanayo akupita. Madzi akuwapeza, anthu akupulumuka, koma bambo ake sakuwaonanso. Mabuku ena onse aja ndi masewera poyerekeza ndi limeneli, ndipo a Laimoni ankadziwa bwino lomwe.

Kenako uthenga unabwera pa foni ya Stelia: wasankhidwa kukaphunzira zamagetsi kukoleji ina ku Lilongwe. Afike pofika Lolemba la sabata yachiwiri, apo ayi malo apatsidwa wina. Mtsikana ameneyu ankakonza mawaya a sola a anthu theka la Ligowe popanda womuphunzitsa. Koma anangoti, "Sindipita. Ababa ndiwasiya ndi ndani?" Mlongo wawo wa a Laimoni, mayi Esnart a ku Magaleta, anati abwera kudzakhala nawo, Stelia osamva. Ine ndinamulankhula mpaka pakamwa kuuma, osamvanso.

Chimene chinandiwawa n'choti a Laimoni sananene kanthu. Ndinawapeza akuyendayenda ndi ndodo pakati pa mitengo ya manachesi, Stelia atapita kumjigo, ndipo sindinawanyengerere.

"Mukusangalala, eti? Mwana mwamudyetsa mabuku a mtsikana wokhala pambali pa bambo ake, lina lija n'kubisa. Mwapambana."

"A nesi, inu mumalemba makalata oti muchoke kuno. Mukuganiza wochoka ku Neno amabwerera?"

"Ena amabwerera."

"Nditchulireni atatu."

Zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinatulutsa buku lija m'chikwama n'kuwaikira m'thumba la jekete, ndinachoka osatsanzika.

Sabata imeneyo aneba anati a Laimoni asokonezeka. Ankafika pamsewu, n'kuima, n'kubwerera. Anabwera kuchipatala kawiri lisanafike tsiku lawo, ndipo magazi anali atakwera moti ndinawakalipira. Lachisanu anapita kwa telala kukafunsa ngati angakonze zipi ya chikwama chakale cha akazi awo, atafika anati aiwala chimene abwerera.

Loweruka m'mawa ananditumizira uthenga kuti ndipite. Ndinapeza mayi Esnart afika kale ndi katundu wawo, akusesa pabwalo ngati akhalapo zaka. Stelia anali pakhonde akusankha manachesi, nkhope ili gwa. A Laimoni anatuluka ndi mabuku onse asanu ndi limodzi atawapanira kukhwapa, n'kuwayala pamphasa.

"Stelia, mabukuwa wawawerenga. Labwino ndi liti?"

"Lachitatu," anayankha osadzutsa mutu.

"Lachitatu ndi phokoso chabe. Loyamba ndi la ana. Lachiwiri likugonetsa, lachinayi n'la a nesi okonda kuseka, lomalizalo analemba munthu wothamangira kwawo." Anatola lachisanu ndi dzanja lawo labwino lija. "Ili ndinakunamiza. Ndinati n'lopanda pake. Ndi limeneli lokha limene wolemba wake ankadziwa chimene akunena."

Stelia analandira, n'kulitembenuza uku ndi uku. "Muli chiyani?"

"Mwini dzina lako akusiya bambo ake akudwala, akupita kutali kukagwira ntchito imene wina aliyense sangaithe. Uwerengere m'minibasi. Ya mawa imanyamuka m'mamawa pa Boma, ndauza kale wa njinga yamoto adzakutenge."

"Ababa, ndanena kuti sindipita."

"Ndamva. Ndipo ndinakondwa, usaganize kuti sindinakondwe. Masiku khumi ndakhala ndikukondwa, ndiye taona mmene kukondwako kwandidwalitsira." Anayesa kuseka, pakamwa pawo popotoka paja n'kukana. "Ndinakutcha dzina la woyendetsa chombo, osati la womanga mabatani anga."

Mayi Esnart anasiya kusesa. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndinali nditawanenera munthuyu zoipa zambiri mumtima. Stelia anatsegula bukulo chakumapeto, bambo ake n'kuika dzanja pamasambawo.

"Osayambira kumapeto, ndinakuphunzitsa bwanji?"

"Ndingofuna kudziwa chimodzi. Anabwerera? Anawapeza bambo ake?"

Apa ndinaganiza kuti anamanso. Maso awo anali kumitengo ya manachesi, ndipo kunena zoona ndikanawakhululukira.

"Ayi," anatero a Laimoni. "Sanawapeze."

"Ndiye mukundipatsiranji?"

"Kuti upite ukudziwa. Ine ndaliwerenga kasanu ndi kawiri kufunafuna pamene mtsikanayo analakwa, ndikuuze kuti usachite ngati iye." Anachotsa dzanja lawo pabukupo. "Sindinapapeze, mwanawe. Kalonge katundu."