Manambala a M'foni ya Malemu

Ntchito yanga pa yunivesite ina kuno ku London inali yolemba zidziwitso za dipatimenti yoona za makompyuta. Akatswiri ankandipatsa nkhani m'chinenero chawo, ine n'kuisandutsa mawu oti wophunzira angathe kuwerenga ali pa basi. Kwathu ndinali mtolankhani wa nyuzipepala ku Blantyre, ndipo luso lake ndi lomwelo: chachitika n'chiyani, chikukhudza ndani, achite chiyani. Lolemba lililonse imelo yanga inkafika kwa ophunzira ndi aphunzitsi onse. Netiweki izima Loweruka m'mawa. Musatsegule uthenga wonena kuti mwapata mphoto. Pasiwedi yanu musauze munthu aliyense, ngakhale ife.

Mmodzi mwa anthu ochepa amene ankawerengadi zimenezi anali bambo wina wa ku Dedza, yemwe ankachita kafukufuku wa chifuwa chachikulu pa digiri ya udokotala. Tinadziwana ku kantini, atandimva ndikukalipira mng'ono wanga pa foni m'Chichewa. Ankakhala ku Woolwich, dera lina la mu London momwemu, ndi mkazi wake, wogwira ntchito yosamalira okalamba, ndi mwana wawo wamkazi wa ku pulayimale. Tikakumana sankalephera kundiseka.

"Achemwali, sabata ino mwatiopseza ndi chiyani? Akuba a pa intaneti afika pa geti?"

"Sinthani pasiwedi, achimwene."

"Ndikasintha ndiuzanso madamu. Kwathu mwamuna wobisira mkazi pasiwedi ndiye kuti ali ndi chibwenzi."

Yunivesite inkapatsa wophunzira aliyense malo aakulu osungirako zinthu pa intaneti, ulere. Malamulo ankati malowo ndi a za maphunziro. Amalawi ambiri amene ndinkawadziwa ankaikako chilichonse, ndipo bambo uja anaposa onse. Anaikako zithunzi za chinkhoswe chawo, kanema wa ubatizo wa mwana, ndi mawu amene ankajambula Lamlungu masana akamaphunzitsa mwanayo Chichewa. Ankayimba nyimbo za Sande sukulu, mwana n'kumayankha m'Chingerezi, iye n'kumaseka. Akakweza zinthuzo ku akaunti ankazifufuta m'foni kuti mupezeke malo.

Chaka chimenecho dipatimenti yathu inakhwimitsa chitetezo, chifukwa maakaunti ankabedwa kawirikawiri. Pasiwedi yokha inasiya kukwanira. Polowa, munthu ankayeneranso kulemba manambala asanu ndi limodzi amene amaoneka pa foni yake, ndipo manambalawo amasintha mphindi isanathe. Chidziwitso chake ndinalemba ndine, ndipo lamulolo linali labwino. Kubedwa kwa maakaunti kunachepadi.

Mwezi wa Novembala bambo uja anagwa pa siteshoni ya Woolwich akudikira sitima. Unali mtima. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Amalawi tinasonkhana m'kanyumba kawo, ena atakhala pamasitepe, ena atabwera ndi yunifolomu kuchokera ku shifiti. Thupi linapita kumudzi. Pamodzi ndi thupi panapita sutikesi ya katundu wa malemu: masuti, nsapato, wotchi, magalasi, foni. Amayi a kumpingo ndi amene analongedza, ndipo palibe anaganiza kawiri za foniyo. Katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake. Mkazi wake anaperekeza maliro, ndipo atangoika anabwerera ku London chifukwa kuntchito sanamupatse masiku ambiri.

Atabwerera anandiimbira.

"Asisi, pasiwedi ndikuidziwa. Koma chinthuchi chikufuna manambala. Manambala ake ati?"

Ndinamufotokozera. Anati foni ili ku Dedza, m'sutikesi, m'chipinda cha amalume a malemu, ndipo kiyi ali ndi iwowo.

Ndinamuuzanso chachiwiri, chifukwa ndinkachidziwa bwino. Wophunzira akachotsedwa m'kaundula, akaunti yake imatsekedwa temu ikatha, ndipo zonse za m'menemo zimafufutidwa. Temu inkatha Khirisimasi isanafike.

M'mawa mwake ndinapita kwa mkulu woyang'anira maakaunti, mzungu wofatsa amene ankakhala moyang'anana ndi desiki yanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati zolemba za kafukufuku azipereka kwa pulofesa wa malemu. Zinthu za munthu payekha yunivesite sitsegulira wina aliyense, ngakhale mkazi wake, pokhapokha patakhala chikalata cha khoti chosonyeza woyang'anira chuma cha masiye. Chikalatacho chimatenga miyezi. Ndinapempha kuti kufufutako kuimitsidwe kaye. Anati alemba pempho ku komiti, koma komitiyo ikumana temu yamawa. Ine ndinalibe mphamvu yotsegula akaunti ya munthu. Ntchito yanga inali ya mawu basi.

Njira inatsala imodzi, yoti mayiyo alowe yekha ngati kuti ndi mwamuna wake. Zinali zosemphana ndi zimene ndinkalemba Lolemba lililonse. Ndinamuuza kuti tiyese.

Amalume anakana. Ndinalipo pamene ankawaimbira, foni ili patebulo kuti tonse timve.

"Mayi, sutikesi ija sitsegulidwa mpaka mbale wake wa ku Joni atafika, tikhale pansi tonse. Mukudziwa mwambo."

"Sindikufuna foniyo, amalume. Ndikungofuna muiyatse, mundiwerengere manambala."

"Manambala a chiyani? A ku banki?"

"Ayi, a kusukulu. Kuli zithunzi ndi mawu ake."

"Foni ndi katundu. Ndikaigwira ndekha, mawa anthu adzati amalume anayamba kudya za malemu dothi lisanaume. Inu muli kutali, mawu amenewo adzagwera ine."

Sanali munthu woipa. Anali ataona mabanja akudana mpaka kumanda chifukwa cha njinga ya womwalira. Mbale wa ku Joni uja ankati abwera Khirisimasi ikadutsa.

Nkhaniyo inayenda njira yaitali ya kwathu. Mayiyo anadandaulira ankhoswe ake, ankhoswe anapita ku Dedza pa minibasi, anakambirana ndi a kuchimuna, ndipo pomaliza anagwirizana kuti sutikesi itsegulidwe pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri, foni iyatsidwe, kenaka ibwezedwe momwemo. Pofika pamenepo temu inali itatsala pang'ono kutha.

Linali Lamlungu masana. Ndinakwera sitima ya pa njanji yotchedwa Elizabeth kupita ku Woolwich ndi laputopu yanga. Kunja kunali kutayamba kale kuda, monga kumachitira kuno mu Disembala. Mwana anamutumiza kwa anansi. Ku Dedza foni ya malemu anali ataitchaja pa golosale, ndipo ankhoswe anatiimbira pa foni yawo. Mayiyo anawauza amalume nambala yotsegulira foni ya mwamuna wake. Inatseguka. Ndinawalongosolera chizindikiro choti adinepo, ndipo anachipeza.

Apa amalume anati owerenga manambala akhala iwo, poti katunduyo ali m'manja mwawo.

Ndinalemba pasiwedi. Bokosi la manambala linaoneka.

"Werengani, amalume."

"Dikirani ndivale magalasi. Eya. Folo. Seveni. Kenaka iyi, kaya ndi wani kaya ndi seveni. Ankhoswe, taonani."

"Asintha amenewo, amalume," ndinatero. "Werengani atsopanowo, mofulumira."

"Asintha bwanji ndisanamalize? Ndani akuwasintha?"

Tinayambanso. Ulendo uno anawerenga bwino, koma netiweki inadula mawu pakati, ndipo tinamva manambala anayi okha. Titayesanso tinamva onse, ndinalemba, koma mawu ochokera ku Dedza ankatipeza mochedwa ndipo kompyuta inawakana. Mayiyo anapempha mwaulemu kuti ankhoswe, amene maso awo anali akuthwa, awerenge ndiwo. Kumbali ija kunabuka kukambirana. Tinamva wina akuti mlendo sangagwire foni ya malemu. Amalume anabwerera pa foni atakwiya pang'ono.

"Ndinaphunzitsa sukulu ine, mayi. Manambala ndimawadziwa."

Anawerenganso, mofuula, nambala iliyonse payokha ngati akuitana mayina m'kalasi. Ndinadina. Pa sikirini panabwera uthenga umene mawu ake ndinkawadziwa pamtima, chifukwa ndinathandiza kuwakonza: akaunti yatsekedwa kaamba ka chitetezo chanu, bwerani nokha ku ofesi yothandiza ndi chiphaso chanu cha sukulu.

Ndinamuwerengera mayiyo m'Chichewa. Ku Dedza amalume ankafunsabe ngati awerengenso.

"Basi, amalume," anatero mayiyo. "Zikomo. Bwezerani m'sutikesi."

Lolemba ndinapitanso kwa mkulu uja n'kumuuza zonse, osabisa. Sanandidzudzule. Anati makina anaona munthu akulephera mobwerezabwereza pa akaunti ya wophunzira amene kulibe, ndipo anachita zimene anapangidwira. Kuti aitsegule pankafunika mwini wake. Pempho lija linali likudikirabe komiti. Temu inatha Lachisanu, ndipo kumapeto kwa sabata imeneyo maakaunti a onse ochoka anafufutidwa pamodzi, monga zimakhalira temu iliyonse.

Mu Januwale pulofesa wa malemu anatumizira mayiyo machaputala a kafukufuku, atawasindikiza ndi kuwamanga bwino. Ndinawapeza pamwamba pa firiji nditapita kukamuona. Anali asanawatsegule. M'foni yake iye munatsala zithunzi zingapo ndi mauthenga a mawu ochepa, ambiri onena za mkaka ndi nthawi yokatenga mwana.

Anandifunsa akusita yunifolomu.

"Asisi, inu mumagwira komweko. Zikafufutidwa zimapita kuti?"

Funso limeneli ndinali nditafunsa kale akatswiri, choncho ndinamuyankha monga anandiyankhira. Sizipita kulikonse. Malo amene zinali amaonedwa ngati opanda kanthu, ndipo amaperekedwa kwa ophunzira atsopano, amene amaikapo zawo.

"Ndiye kuti pamene panali mawu ake pali za munthu wina."

"Eya."

Anazimitsa simbi, n'kupinda yunifolomu. Anati shifiti yake ikutha mochedwa Lachitatu, ndipo anandipempha ngati ndingakamutengere mwana kusukulu. Ndinati ndikamutenga.