Aphunzitsi Oiwala mu Januwale

M'kalasi yoyandikana ndi yanga, pasukulu yathu ya mkaka mumzinda wozizira wa Akita, mumaphunzitsa mayi a imvi amene sakweza mawu. Ana akabwera kuchokera kutchuthi cha nyengo yozizira amakhala ataiwala zonse, ndipo ine ndimalongolola mpaka kukhosi kuuma. Koma mayiwo amangoyang'ana chipale chofewa chikugwa mwaulesi panja, n'kunamizira kuti oiwala ndi iwowo.

"Paja nsapato timaika pati?" amafunsa ngati akulota.

Ana amaseka n'kuwakoka dzanja kukawaonetsa. Pofika Lachitatu, zonse zimakhala zabwerera m'chimake.

Chaka chino mayiwo anakhala pa limba kuti ayambitse nyimbo ya m'mawa, koma zala zinangolendewera m'mwamba. Ndinali pakhomo, ndipo ndinaona kuti ulendo uno sanali kuseweretsa ana: anali ataiwaladi.

"Aphunzitsi, mwayambanso zanu zija," anatero Kotoha, kamtsikana ka zaka zinayi, n'kuyamba kuimba. Anzake analandira, zala nazo zinatsatira pang'onopang'ono.

Masana mayiwo anandipeza pawindo.

"Mwaona, eti? Musawauze kaye a hedi. Chaka cha sukulu chikutha mu Malichi, ndiloleni ndiwafikitse anawa kumapeto."

Sindinauze munthu. Koma m'mawa uliwonse chitseko cha pakati pa makalasi athu ndimachisiya chotsegula.