Kabawi wa m'nthaka

Sabata yatha ndinachita manyazi kusitolo ya mbewu ku Bowe. Ndinagula mankhwala osakaniza ndi mbewu ya soya, aja amati muli tizilombo tothandiza mizu. Nditatsegula n'kupezamo ufa wakuda wokhawokha, ndinabwerera kukadandaula kuti tizilomboto tathawa. Mtsikana wogulitsa anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndemwe, wowerenga mabuku!

Fungo la ufawo, longa la dothi lonyowa, linandibwezera ku Chezi ndili mwana. Amayi anali atandipatsa mwanapiye wanga woyamba, wamawangamawanga, n'kundiuza kuti ndizimuteteza kwa kabawi. Tsiku lina mlangizi anafika m'munda mwathu mwa mtedza, natapa dothi m'manja.

"M'dothi muno muli tizilombo tosaoneka ndi maso," anawauza bambo anga. "Tina timasaka tinzake ngati kabawi."

Kabawi wam'mwamba ndinkamudziwa: chithunzithunzi chake chimayamba chadutsa pansi, iwe n'kukuwa, iye n'kuthawa. Nanga wam'nthaka, wotulukira kumapazi, ungamuone bwanji? Ndinathamangira kunyumba, n'kumukweza mwanapiye uja padenga la nkhokwe, kutali ndi dothi. Ine ndinakhala pansi ndi kamtengo, maso ali panthaka, kudikira mdani.

Ndinangomva phaa! Poyang'ana kumwamba, tinthenga tiwiri tinkatsika pang'onopang'ono.

A Nabanda, oyandikana nafe nyumba, anandipeza ndikulira. Anamvetsera nkhani yonse akulimbana ndi kuseka.

"Pepa, mwanawe," anatero. "Koma chibadwire changa sindinaonepo kabawi wolandiridwa mwaulemu chonchi. Anzake amavutika kusaka, iwe wachita kumuikira patebulo."