Timizere titatu tandikweza matola a ku Thekerani

Anzanga owerenga, amene muli ndi foni taitulutsani m'thumba. Yang'anani pakona paja pamakhala timizere ta batire. Tilipo tingati? Titatu? Musatikhulupirire. Ine tandiyendetsa ulendo umene sunali m'maganizo mwanga, ndipo pamene ndikulemba pano ndakhalira tako limodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wa mlongo wanga, Esinati, wapeza banja. Mnyamatayo kwawo ndi ku Thekerani, ndipo ine monga malume ndine nkhoswe. Tinapangana kuti akuchimuna abwera Loweruka kudzachita chinkhoswe. Mwatsoka bambo ake a Esinati anagwa panjinga potsetsereka mtunda wa kufakitale ya tiyi, mwendo n'kuthyoka. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti mwambo udikire mpaka atuluke m'chipatala. Chotsala chinali kuwauza anzathu aja kuti asabwere.

Taganizani anthu afike ndi tambala wawo, amayi atavala zitenje zofanana, nthungululu zikuyambira kumsewu, n'kupeza pakhomo pali zii. Mwanayo akanadzawayang'ana ndi maso ati apongozi ake?

"Amalume, foni muli nayo ndinu," anatero Esinati akukanda pansi ndi chala chakumwendo.

Ndinamuuza kuti asade nkhawa. Dziko linasintha, masiku ano mawu sakweranso matola.

Nkhoswe ya akuchimuna, a Nakhumwa, alibe foni. Timalankhulana pafoni ya aphunzitsi ena a kumeneko, ndipo tinali titapangana kale kuti Lachitatu masana akakhale pakhonde pa aphunzitsiwo kudikira ine.

Tsono nthenda yanga mukuidziwa. Sukulu ndinailekera panjira, koma cholembedwa chilichonse sindichisiya, ngakhale pepala lokulungira usipa. Chaka chatha ndinatola magazini yachingerezi yopanda chikuto kudzala la manijala wina wa pa esiteti. M'menemo analemba kuti batire ukamalitchaja lisanatheretu limazolowera ulesi. Kuti magaziniyo inali ya chaka chiti, kapena ankanena mabatire amtundu wanji, ine sindinafufuze. Ndinangoutenga uthengawo n'kuyamba kuulalikira pamsika, kumaliro, ngakhale kubwalo la tchalitchi.

Ndikutuluka m'nyumba Lachitatulo, mayi a kunyumba anandiitana.

"Bambo a Jemusi, mudzere kaye kwa ometa aja mukatchaje."

Kwathu kuno magetsi ali pamsika pokha, ndiye foni timatchajitsa kometera tsitsi.

"Mayi, taonani apa. Timizere titatu pa tinayi. Ndikhoza kulankhula ndi Thekerani yense, ndi mbuzi zomwe."

"Chabwino," anatero akupitiriza kupeta mpunga. "Owerenga ndinu."

Netiweki kwathu imapezeka pamtunda, pakati pa munda wa tiyi, pachulu china chimene chinasalala ndi mapazi a anthu. Tsikulo kunali chiperoni chenicheni, choloŵa mpaka m'mafupa. Ndinakwera pachulupo, ndinaimba, aphunzitsi anayankha n'kupereka foni kwa a Nakhumwa.

Nanga munthu wamkulu ungangomugwera ndi uthenga ngati ukuitana galu? Ndinawafunsa mmene adzukira. Iwo anafunsa mmene ndadzukira ine. Ndinafunsa za amayi. Iwo anafunsa za amayi. Tinaloŵa kwa ana, kuyambira woyamba mpaka chitsirizira. Popeza ndi mkulu wa Chilomwe chenicheni, tinabwereza moni yense uja m'Chilomwe, kuti asaone ngati tiyi watiiwalitsa kwathu. Ndinawapepesa maliro a msuweni wawo amene ndinangomva mphekesera. Iwo anafotokoza mmene matendawo anayambira. Tinadandaulirana za kuzizira ndi za nandolo amene sanachite bwino.

Kenaka ndinakonza pakhosi. "Tsono achimwene, chimene ndaimbira makamaka..."

Ndinalankhula bwino kwambiri, owerenga. Ndinafotokoza za njinga, za mwendo, za chigamulo cha banja. Nditamaliza ndinadikira yankho. Zii. Kuchotsa foni kukhutu, nkhope yake ili bii ngati kunsi kwa mphika. Uthenga wonse uja ndinauza tiyi.

Zimene ndinachita pachulu paja Mulungu yekha andikhululukire. Ndinatulutsa batire n'kulikhutiza pabuluku. Ndinaliuzira mpweya. Ndinaliika kukhwapa n'kuyamba kudumphadumpha kuti litenthe. Amayi ena othyola tiyi anaima, madengu ali kumsana.

"Abambo, kodi mwalumidwa ndi linthumbu?"

"Ayi mayi, ndikutchaja."

Kuseka kwawo kunamveka mpaka kusikelo yoyezera masamba a tiyi. Komatu nditabwezera batire lija foni inayaka, kamzere kamodzi kali nji! Nditangodina nambala ya aphunzitsi, inazimanso osatsanzika. Ndinathamangira kometera tsitsi, n'kupeza ometa ali panja akuseŵera bawo: magetsi azima. Anayaka m'maŵa mwake. Poimba, aphunzitsi anandiyankha ali m'basi, sukulu atsekera, akupita kwawo kumpoto ndi foni yawo yomwe.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikufunsafunsa ndi kuŵerenganso, ulendo uno mofatsa. Mmene ndamvera ine, foni siona m'kati mwa batire monga mmene mayi amasuzumira mumtsuko. Imangomva mmene batirelo likukankhira moto, kenaka n'kuyerekeza kuti mwina mwatsala wochuluka chakuti. Amene anaiphunzitsa kuyerekezako ndi anthu akutali, ndipo ndikukayika ngati chiperoni anachionapo. Batire likakhala phee m'thumba lofunda limakankha mwamphamvu, foni n'kujambula timizere titatu. Likazizidwa limafooka. Ukamalankhula pamalo pamene netiweki ndi yoperewera, foni imakoka moto wambiri. Ndiye batire likhale lokalamba ngati langali, lotupa pamimba, lomangidwa ndi mphira kuti lisagwe, mukuganiza kuti lipirira?

Ine ndinagwirapo ntchito pasikelo ya masamba. Kapitawo wozoloŵera amangoyang'ana dengu likubwera n'kunena kulemera kwake, ndipo nthaŵi zambiri amalasa. Koma kukagwa mvula masamba anyowa, diso lake limanama. Kumunda tili ndi sikelo yotsutsa kapitawo. Fonitu ilibe sikelo. Ili ndi kapitawo yekha, ndipo ine ndinapachika chinkhoswe cha mwana pa diso la kapitawoyo.

Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Koma ndisainyoze kwambiri foniyi, chifukwa khalidwe limeneli yalipeza konkuno. Ndani wa ife amene anafunsidwa kuti "muli bwanji" n'kuyankha kuti "ndatsala kamzere kamodzi"? Tonse tili bwino. Mayi wathyola tiyi kuyambira m'mamaŵa ndi chikho cha madzi chokha m'mimba, mukamufunsa ali bwino. Mlonda akutsokomola mwezi wathunthu, ali bwino. Tsiku lina timangomva kuti wagwa m'munda, ife n'kumadabwa kuti dzulo lomweli amaseka. Timayesa munthu ali pamthunzi, osati atasenza katundu pamtunda. Nanga mlamu wanga amene ali m'chipatalayu? Mabuleki a njinga yake akhala "ali bwino" chaka chonse.

Lachisanu m'maŵa mayi a kunyumba anandisitira jekete kuti ndipite ndekha kukawauza a Nakhumwa pamaso. Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Amalume, mukafikadi eti?"

"Ndikafika, mwanawe."

"Mukanene msangatu."

Msewu wa ku Thekerani amene munaudutsa simufuna kufotokozeredwa. Ndinakhala pathumba la makala kumbuyo kwa matola, mwendo wina uli pansi pa dengu la nthochi, wina sindikudziwa kumene unali. Pamtunda uliwonse amuna timatsika kukakankha. Dalaivala naye ankati mafuta alimo okwanira, ndipo ndinaona kuti kamuvi kake koonetsa mafuta kanafa kalekale. Ndinangotseka maso.

Ndinafika kwa a Nakhumwa dzuŵa litapendeka. Pakhomo panali piringupiringu. Thobwa lili m'zidebe, amayi akuyeserera nyimbo kuseri kwa nyumba, tambala wamangidwa kale miyendo pansi pa mtengo wa mapeyala. Mkuluyo anatuluka, nanditambasulira dzanja. Ine ndisanakhale n'komwe pampando, ndisanavule chipewa, ndinangoti:

"Maŵa musabwere!"

Nyimbo kuseri kuja inaduka. Amayi anasuzumira. A Nakhumwa anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, dzanja lawo lili m'malere.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "kodi kwanu ku tiyiko moni anatha?"

Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, tinayambira poyamba: amayi, ana, kuzizira, nandolo. Za mwendo wa mlamu wanga tinazifika thobwa litazungulira kaŵiri. Anamva chisoni, anati palibe mlandu, adikira mpaka bambo a mwana ayende ndi miyendo yawo. Thobwa linamwedwa ndi mudzi wonse, tambala anamasulidwa, ndipo Esinati adzaloŵa pakhomo paja mutu uli m'mwamba.

Amene dzina lake laonongeka ndine. Pondiperekeza m'maŵa mwake ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti mtsikanayo akuti ndi waulemu, koma malume akewo ayi ndithu.

Tsono ndithandizeni, anzanga. Pachulu ndinapereka moni, uthenga n'kutsala. Pakhomo ndinapereka uthenga, ulemu n'kutsala. Inu mukanakhala nkhoswe, mukanayamba ndi chiti?