Tinaika Thunthu la Nthochi

Mlongo wanga wopondana nane anali wowotcherera pa Chitipa boma. Mafelemu a mawindo, ngolo, mageti, basi. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a mumtsinje wa Lufita, kusambiranso sankatha. Ndiye tsiku lina akuti wapeza ntchito kwa Aluya, pakati pa nyanja yamchere. Ndinamuseka. "Iwe, m'beseni momwe ungamire!"

Anapita ndithu, kudzera ku Tanzania.

Ankatiimbira foni ya vidiyo n'kumationetsa ntchitoyo. Ankakhoma zitsulo zitalizitali pansi pa nyanja, n'kuzilumikiza ngati mpanda wa khola, kenako makina ankapopera mchenga m'katimo mpaka patuluke mtunda. Ati chilumba, olemera adzamangepo nyumba. Amama anayang'anitsitsa foniyo n'kufunsa, "Kodi kumeneko malo anatha? Uwauze abwere ku Wenya, tchire lilipo."

Amene anatiimbira komaliza anali mnzake wa ku Mbeya, Chiswahili chokhachokha. Ndinathamangira nayo foni kwa mayi wina wogulitsa zitenje mumsika kuti andimasulire. Mayiyo anamvetsera, kenako anakhala pansi. Akuti mlongo wanga anaterereka pachitsulo n'kugwera m'kati mwa mpanda uja mchenga ukuthiridwa. Anamufunafuna osamupeza. Ntchito inapitirira.

Ife tinkangofuna thupi. Atate anagona ku Wenya, ndipo pambali pa manda awo panali malo a mwana wawo wamwamuna yekhayo. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, ndinalalatira ngakhale anthu osalakwa. Yankho linali lomwelo: angagumule chilumba chifukwa cha munthu mmodzi?

Akuluakulu anati tiike thunthu la nthochi, monga timachitira thupi likasowa. Tinalikulunga m'nsalu, tinaimba nyimbo, tinalira. Ine zinandinyansa, ndisaname. Mlongo wanga wandevu zake uja, nthochi? Mpaka lero mtima umandiwawa.

Komatu nthochi sichedwa kuwola. Mvula itangoyamba manda anatitimira, pakati panachita chidzenje. Amama anatenga khasu ndi beseni, ulendo wokathira dothi. Dzinja lililonse pamatitimirabe, iwo amathirabe, msana wawo wopindika womwewo. Tsiku lina ndinawalondola, ndinapsa mtima.

"Amama, mulibe munthu umo! Mukudzivutitsiranji?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Anakhuthula beseni, n'kusalaza dothilo ndi manja.

"Ndikudziwa," anatero. "Nanga kumene aliko ndingakafikeko ndi beseni?"