Atagwetsa Chumuni cha Fakitale ya Matabwa

Bambo anga anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Thyolo asanakwatire, kudzagwira ntchito pafakitale yocheka matabwa. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale. Malata anasasula, makina anagulitsa, koma chumuni chake cha njerwa chinatsala chili njo, chakuda kunsonga.

Atakalamba anayamba kuiwalaiwala, ndiye ndinawatenga kuti tizikhala nawo ku Chibanja. M'mawa uliwonse ankavala jekete, kukaima pageti la fakitale, n'kubwerera. Ine ankanditchula dzina la malemu mayi, koma njira sankasochera. Ankati pobwerera, chumuni chizikhala kumsana.

Mnzanga wa kumsika atandiuza kuti malo a fakitale aja agulidwa ndipo amangapo mashopu, ndinadziwa kuti chumuni chija achigwetsa. Ndinayesa kawiri kuwauza bambo. Ankangovomera ndi mutu n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Chumunicho anachigwetsa Lachinayi masana, ine ndili pabenchi langa la kaunjika. Tinangomva chiphokoso, kenako fumbi lofiira m'mwamba. Lachisanu ndinakhoma geti la kunyumba, koma mwamuna wanga potuluka analisiya chotsegula. Mmene ndimachoka kubafa, bambo kunalibe.

Ndinathamangira kufakitale kuja. Mlonda anati, "Adada a jekete aja? Anaima apa nthawi yaitali, maso kumwamba. Kenako analowera uko." Analoza njira yosiyana ndi yakwathu.

Kunkawaza kamvula kozizira. Ndinafunsa akabaza, amayi a nthochi, aliyense. Wina ankati wawaona, wina ayi. Pamlatho uliwonse ndinkasuzumira pansi.

Ndinawapeza dzuwa litapendeka, ku Katawa, pakhonde la golosale. Mwini wake, mayi wachisilamu wa ku Mangochi, anali atawafunditsa chitenje n'kuwapatsa tiyi.

"Akuti achedwa kuntchito, koma sakudziwa kumene aisamutsira," mayiyo anandinong'oneza.

"Yewo chomene, mama," ndinathokoza.

Bambo anandigwira mkono. "Utsi sukuoneka lero. Kapena atichotsa osatiuza?"

"Lero ndi holide, bambo. Tiyeni kunyumba."

Anadzuka mosavuta. Panjira anacheuka kanayi konse.

Anakhala nafe miyezi ina isanu ndi iwiri asanamwalire. Masiku onsewo, foni ikalira ndili kumsika, ndinkayamba kulongedza zovala za pabenchi m'thumba ndisanaone n'komwe amene akuimba.